Tinawaletsa ntchito zonse mayi atathyoka mkono, tsopano akulephera kudzuka pamkeka

NaPhiri_Area25
Abale, ndabwera ndi nkhani ya mayi anga, mundithandize nzeru. Ali ndi zaka 72, amakhala kumudzi ku Dedza ndi mng'ono wanga. Mu Febuluwale anaterereka m'matope popita kuchimbudzi m'mamawa, anatsamira dzanja, mkono n'kuthyoka chapafupi ndi dzanja pomwe. Kugwa kwake sikunali koti munthu n'kuthyoka nako. Kuchipatala anawaika chikhakha, ndipo adokotala ataona chithunzi cha X-ray anati mafupa awo ndi opyapyala, matenda aja amati osteoporosis. Kuyambira tsiku limenelo ife ana awo tinagwirizana kuti asagwirenso ntchito iliyonse. Kumunda ayi, kumjigo ayi, tsache tinawalanda, kutchalitchi timawalipirira kabaza. Amangokhala pamkeka pakhonde.

Mkono unapola kalekale. Koma nditapita sabata yatha ndinakalirira kuseri kwa nyumba. Mayi amene ankalima ekala yathunthu okha lero sangadzuke pamkeka popanda wina kuwakoka. Ntchafu zaphwa. Akaimirira amayamba adzandira kaye, n'kugwira khoma. Kodi ndi matenda a mafupa omwewa amene akudya minofu, kapena pali china? Tiwagulire chiyani?

Bambo_a_Chikondi
Ukalamba umenewo, mayi. Zaka 72 si masewera. Munachita bwino kuwapumitsa, anakuvutikirani mokwanira. Muziwagulira mkaka basi.

Mafizo_BT
A NaPhiri, pepani kwambiri. Ine ntchito yanga ndi ya mafizo, ndipo nkhani ngati iyi ndimakumana nayo kawirikawiri. Ndiyankhula mosapsatira, musandikwiyire. Osteoporosis siidya minofu. Chimene chadya ntchafu za mayi ndi mkeka umene akhalapo miyezi isanu ndi iwiriyi.

Pali mavuto awiri amene amakonda kuyendera limodzi. Loyamba ndi la fupa. Mayi akasiya kusamba, mphamvu ya m'thupi yotchedwa estrogen imatsika, ndipo imeneyi ndi imene inkaletsa fupa kugumuka msanga. Pa zaka zisanu mpaka khumi zoyambirira fupa limatha mofulumira. Limakhala ngati chimanga chofumbwa, kunja chikuoneka chathunthu koma mkati muli ufa. Silipweteka, n'chifukwa chake ambiri amadziwira pa kuthyoka, monga zachitikira kwanuko.

Lachiwiri ndi la minofu. Munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, magawo atatu mpaka asanu ndi atatu pa 100 alionse pa zaka khumi, ndipo akadutsa zaka 60 liwiro lake limakula. Ikachepa mpaka munthu kumavutika kudzuka ndi kuyenda, madokotala amati sarcopenia, dzina limene anapereka Irwin Rosenberg wa ku America mu 1989. Minofu yosagwiritsidwa ntchito thupi limaitaya. Wokalamba akagona pabedi masiku 10 okha amatha kutaya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo. Inuyo werengani miyezi ya mayi.

Tsono mkono ndi chiuno sizithyoka munthu ali chikhalire, zimathyoka akagwa. Chimene chimamugwira munthu akapunthwa ndi ntchafu, matako ndi akatumba a m'miyendo. Komanso fupa limalimba chifukwa minofu ikulikoka ndiponso thupi likulilemera. Mwawachotsera zonse ziwiri. Lero mayi ali pafupi ndi kugwa kuposa mmene analili mu Febuluwale.

NaPhiri_Area25
Mayo ine. Ndiye kuti tawapha tokha ndi chikondi chathu chomwe?

Mafizo_BT
Ayi, musadziimbe mlandu, palibe anakuuzani. Chosangalatsa n'chakuti minofu imabwerera. Ngakhale anthu a zaka za m'ma 90 akamachita mafizo olimbitsa miyendo mphamvu zimawonjezeka. Fupa ndi limene limachedwa kumva.

Bambo_a_Chikondi
Ndiye a Mafizo mukuti gogo wa mafupa ofumbwa abwerere ku khasu? Akakagwa m'mizere, mudzabwera ndinu kudzawanyamula? Anthu a m'mudzi adzati ana ake ali m'tauni akudya bwino, mayi wawo akumulimitsa ali chithyokere.

Gogo_NaJere
Bambo a Chikondi, lolani ndiyankhe ine mwini ukalamba. Ndili ndi zaka 69, ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi, foni iyi anandigulira mdzukulu. Inenso anandipeza ndi mafupa ofooka nditathyoka phazi potsika minibasi. Ana anga anachita ngati a NaPhiri. Anandilembera mtsikana wantchito, n'kumuuza kuti agogo asakhudze kanthu. Ndikati ndikatenge madzi akumwa, khalani agogo. Ndikati ndisankhe nyemba, khalani agogo. Mawu amenewa amamveka aulemu, koma ukawamva tsiku lonse umayamba kudziona ngati katundu woikidwa pakona. Chakudya sichikoma, tulo sitibwera, ndipo mantha amakula. Ndinkaopa ngakhale kutsika sitepe imodzi ya pakhonde langa lomwe.

Tsiku lina ndinalephera kudzuka pamaliro pamene amayi anzanga onse anaimirira kuti aimbe. Anandikoka anthu awiri. Nditabwerera kunyumba ndinawauza ana anga kuti nyumba ino ndi yanga, ndiphika ndekha. Panopa ndimayenda wapansi kupita kutchalitchi ndi ndodo yanga. Inu ana mumaopa zonena za anthu. Ife timaopa kukodzera pamphasa chifukwa cholephera kudzuka usiku. Funsani mayi anu chimene akuopa iwowo.

Chifundo_Mzuzu
Agogo, mwandiliza. Nanenso mawu akuti khalani agogo ndimawanena tsiku lililonse.

Bambo_a_Chikondi
Agogo, ndamva ndipo sindikutsutsa zimene munadutsamo. Koma inu mumakhala m'nyumba ya simenti. Kumudzi n'kosiyana. Funso langa la khasu silinayankhidwe.

Mafizo_BT
Funso lanulo ndi labwino, ndipo pa khasu ndili mbali yanu. Sindinanene kuti abwerere ku ntchito zonse. Munthu wa mafupa ofooka pali mayendedwe amene amamuopseza msana: kuwerama kwambiri atanyamula cholemera, ndi kupotokola msana mwamphamvu. Khasu la mpini waufupi lili ndi zonse ziwiri. Tsache lathu lija losesera chowerama n'chimodzimodzi. Kusenza ndowa ya malita 20 ndi kuika makilogalamu 20 pamwamba pa msana wofumbwa. Mtolo wa nkhuni, thumba la chimanga, kutukula mdzukulu wonenepa kuchoka pansi, zimenezi asiye ndithu. Timafupa ta msana timatha kuphwanyika n'kufupika popanda kugwa n'komwe, ndipo ambiri sadziwa, amangoti msana ukupweteka. Mukaona gogo wafupika ndi masentimita anayi kapena kuposa poyerekeza ndi utsikana wake, kapena msana wayamba kupindika, nthawi zambiri chachitika n'chimenecho.

Koma pakati pa khasu ndi mkeka pali ntchito zambiri. Kuyenda kupita kutchalitchi, kumsika, kukaona anzawo. Kuphika ataika mbaula pamalo okwera. Kupeta, kutsuka mbale pathandala ataimirira, kuyanika zovala, kudyetsa nkhuku, kuthirira ndiwo ndi kachitini kakang'ono. Tsache limangirireni ku mtengo wautali kuti azisesa ali chilili. Akafuna kutola chinthu pansi apinde mawondo, msana uli wowongoka.

Mlongo_wa_ku_Mchinji
Ine ndikufuna ndikuuzeni mmene zimathera zikafika pa chiuno, kuti musazitenge mopepuka. Azakhali anga anagwa usiku pakhomo penipeni pa nyumba yawo, anapunthwa pa chitenje chawo chomwe. Fupa la ntchafu linathyokera m'mwamba, pamene limalowa m'chiuno. Tinachedwa masiku atatu tikuwathowa ndi madzi otentha poganiza kuti angobinya. Titafika nawo kuchipatala china anawamangirira mwendo ku zolemera zolendewera kumapazi kwa bedi, akuti podikira opaleshoni. Anagona choncho masabata ambiri. Ine ndinali wowadikirira, ndinkagona pansi pa bedi lawo. Ndinaona munthu akusungunuka ndi maso angawa. Zilonda zinatuluka m'matako, kenako chibayo. Anatuluka m'chipatala koma sanayendenso, ndipo chaka chisanathe tinawaika m'manda. Munthu amene ankayenda wapansi kupita kumsika wa pa boma.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zaka ziwiri m'mbuyo mwake anali atathyokapo mkono ngati mayi a NaPhiri. Palibe anatiuza kuti limenelo linali chenjezo.

Chemwali_Leeds
Pepani achimwene, mzimu wa azakhali uuse mumtendere. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku UK. Ngakhale kuno kumene zipangizo zilipo, kuthyoka chiuno kumaopedwa, chifukwa pafupifupi mmodzi mwa anthu anayi kapena asanu amamwalira chaka chisanathe. N'chifukwa chake ndondomeko ya kuno imati munthu achitidwe opaleshoni tsiku lomwe wafika kapena mawa lake, ndipo tsiku lotsatira a mafizo amamuimiritsa. Nditangofika ndinkaona ngati nkhanza, gogo wa zaka 88 dzulo anali pampeni lero akumuyendetsa ndi choyendera cha miyendo inayi. Pano ndinamvetsa kuti bedi ndi limene limapha.

China chimene ndinaphunzira: amatiletsa kumukoka munthu m'khwapa pomudzutsa. Timamuuza kuti asendere kutsogolo kwa mpando, mapazi abwerere m'mbuyo pang'ono, mphuno ifike pamwamba pa zala za kuphazi, kenako akankhe yekha. Ife timangoima pambali. Ukamukoka tsiku lililonse, ntchito imene ikanagwiridwa ndi ntchafu zake wagwira ndiwe.

ThanziLabwino265
Osavutika abale!! Ndili ndi mankhwala ochokera kunja obwezeretsa mafupa ndi minofu m'masabata awiri okha. Agogo ambiri ataya ndodo. Ndipezeni ku inbox.

Admin_Tadala
A ThanziLabwino, malonda pagulu pano ayi, makamaka pa nkhani ya matenda. Mukabwerezanso ndikuchotsani.

Namwino_Zomba
Zikomo a Admin. Palibe botolo limene lingabwezeretse fupa m'masabata awiri. Anthu akugulitsa mbuzi chifukwa cha mabodza ngati amenewa.

Mankhwala enieni alipo, ndipo a NaPhiri mukafunse kuchipatala ngati mayi akuyenera kuwalandira. Odziwika kwambiri ndi alendronate, piritsi limodzi la mamiligalamu 70 kamodzi pa sabata. Ali ndi malamulo ake: kumwa m'mamawa m'mimba mulibe kanthu, ndi kapu yodzaza ya madzi okha, kenako osagona pansi komanso osadya kwa mphindi 30, apo ayi amawotcha kummero. Ntchito yake ndi kuchepetsa kugumuka kwa fupa. Munthu wa vuto la impso sangangomwa, n'chifukwa chake musakagule nokha. Makina oyezera kulimba kwa mafupa, a DXA, simungawapeze pachipatala cha boma lililonse, koma mayi wa zaka 72 amene wathyoka pongoterereka ali chiimire, chimenecho pachokha ndi umboni woti dokotala aganizire chithandizo. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limati mayi mmodzi mwa atatu alionse opitirira zaka 50 adzathyoka fupa chifukwa cha matendawa. Si nkhani ya azungu okha ngati mmene ena amaganizira.

Mukapita, tengani mankhwala onse amene mayi akumwa muwaonetse. Prednisolone, amene ena amangogula m'magolosale akamva nyamakazi kapena mphumu, akamwedwa miyezi yambiri amafooketsa fupa ndi minofu pamodzi. Mankhwala a BP nthawi zina amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira. Mapiritsi ogonetsa n'chimodzimodzi. Akawayeze shuga, chifukwa shuga amapha mitsempha ya kumapazi munthu osamva pamene akuponda. Ndipo maso! Agogo ambiri amene timati akudzandira ndi ukalamba, vuto ndi ng'ala, imene imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi.

Tiyamike_88
A Namwino, ndifunse nawo. Mayi anga ali ndi zaka 61, akhala pa ma ARV kuyambira 2009. Ndinamva kuti ma ARV amadya mafupa. Ndi zoona? Ndayamba kuda nkhawa.

Namwino_Zomba
Chonde chonde, asasiye ngakhale tsiku limodzi. Choona chake n'chakuti tenofovir, amene ali m'piritsi la TLD limene ambiri akumwa m'dziko muno, amachepetsako kulimba kwa mafupa, makamaka chaka choyamba kapena ziwiri. Koma kachilombo kosaletsedwa kamawononga thupi lonse, mafupa omwe, kuposa pamenepo. Ngati mayi anathyokapo fupa pa kugwa kwakung'ono, kapena afupika, kapena impso zili ndi vuto, akanene kumene amalandirira mankhwala, a chipatala ndi amene angaone ngati pakufunika kusintha. Kupatula apo, malangizo ndi omwewa: adye bwino, ayende, alimbitse miyendo.

Mwana_wa_Mlimi
Inu mukukamba za mapiritsi, ine ndikufuna ndikambe za mbale. Pitani kumudzi muone chimene gogo amadya. M'mawa tiyi wopanda mkaka ndi mbatata. Masana nsima ya mgaiwa ndi nkhwani. Madzulo zomwezo. Nkhuku ikaphedwa, ntchafu ndi chidale zimapita kwa abambo ndi alendo, gogo amalandira khosi ndi mapazi, n'kugawiranso adzukulu. Mano anatha, nyama sangatafune. Mumtumizira ndalama, amagulira adzukulu makope. Minofu ichokera kuti?

NaPhiri_Area25
Mwawafotokoza mayi anga ndendende. Mazira amene ndimawagulira amathera mwa ana a mng'ono wanga, iwo eni ndi amene amawapatsa.

Mafizo_BT
A Mwana wa Mlimi akhudza penipeni. Mafizo opanda chakudya ali ngati kumanga nyumba popanda njerwa. Wokalamba amafunika zakudya zomanga thupi zambiri kuposa mmene timaganizira, galamu imodzi kapena kupitirirako pang'ono pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Gogo wolemera makilogalamu 50 ndiye kuti magalamu 50 mpaka 60. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15. Kapu ya mkaka ili ndi 8, kuphatikizapo kashiamu, mchere womanga mafupa, wokwana mamiligalamu pafupifupi 300. Ndipo n'kwabwino kuzigawa m'mawa, masana ndi madzulo, osati kuunjika kamodzi. Wodwala impso yekha ndiye ayambe wafunsa kuchipatala.

Sizifuna za m'sitolo zodula. Usipa, matemba ndi bonya timadya ndi minga yomwe, ndipo kashiamu ali m'mingamo. Ngati mano palibe, kazingani, sinjani, muziwaza ufa wake m'ndiwo kapena m'phala. Phala la mawere lili ndi kashiamu wochuluka kuposa la chimanga. Thirani nsinjiro kapena ufa wa soya. Nandolo, khobwe, chambiko, mpiru, masamba a chammwamba, malambe. Vitamini D amene amathandiza thupi kuyamwa kashiamu khungu limapanga lokha padzuwa, ndiye gogo wongobindikira m'nyumba amaperewera ngakhale dziko lathu lili ndi dzuwa lambiri.

Chemwali_Leeds
Pa vitamini D, anzanga amene mwaitanitsa amayi anu kuno kudzalera adzukulu, samalani. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la kuno silipangitsa khungu vitamini ameneyu, ndipo a NHS, bungwe la boma loona zaumoyo kuno, amalangiza kumwa mamaikulogalamu 10 patsiku. Ife a khungu lakuda amati tiganizire kumwa chaka chonse. Komanso gogo amene kumudzi ankayenda tsiku lonse, kuno amangokhala pa sofa miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha kuzizira. Amabwerera kumudzi atafooka kuposa mmene anabwerera.

Kaphiri_Ntcheu
Usipa wake uti? Mwafunsa mtengo wa kamulu kamodzi masiku ano?

Mwana_wa_Mlimi
Wakwera, sindikana. Koma nandolo ndi khobwe zili m'munda, nkhuku zikuikira pakhomo. Vuto lalikulu ndi loti zifike m'kamwa mwa gogo. Kwathu tinachita kuika lamulo kuti dzira la agogo liziphikidwa adzukulu atapita kusukulu.

Nachisale_PE
Pepani ndipatuke pang'ono. A Mafizo atatchula za kupindika msana ndakumbukira gogo wina wa m'mudzi mwathu. Msana unapindika mpaka ankayenda akuyang'ana pansi, n'kumayankhula yekha. Mwana wina atamwalira ndi malungo anthu anati ndi iyeyo, akuti taonani mmene anapindikira, amauluka usiku. Anamugwetsera nyumba. Lero ndikumva kuti anali timafupa ta msana tophwanyika. Mtima ukundiwawa, chifukwa nanenso nthawi imeneyo ndili mwana ndinkamuthawa.

Mlongo_wa_ku_Mchinji
Zimenezi zikuchitikabe. Pamene lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti. A MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oimira okalamba m'dziko muno, akhala akudandaula chaka ndi chaka za okalamba amene akuphedwa pa nkhani zoterezi. Munthu amene sangathe kudzuka yekha pamphasa, awuluka bwanji?

Kaphiri_Ntcheu
Koma ufiti uliko abale, tisanamizane.

Admin_Tadala
Nkhani imeneyo tiitsegulire pake. Pano tikuthandiza a NaPhiri. A Mafizo, anthu angapo andilembera kuti mufotokoze zochita zenizeni, poti si onse angakwanitse kupita kwa a mafizo.

Mafizo_BT
Chabwino. Koma ngati gogo akumva kupweteka kwatsopano kwa msana, chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena befu, ayambe waonedwa kuchipatala. Amene muli pafupi ndi chipatala chimene chili ndi a mafizo, pitani akamuone maso ndi maso. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, ku Lilongwe kuli LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo, pa Kamuzu Central, ndipo a mafizo tsopano akuphunzitsidwa konkuno ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS.

Choyamba pezani mpando wolimba wopanda matayala, woti akakhala mapazi afike pansi, muugunditse kukhoma. Muyeseni: manja apingase pachifuwa, aimirire n'kukhala, aimirire n'kukhala, kwa masekondi 30, inu muli pambali mukuwerenga. Mayi wa zaka 70 mpaka 74 akalephera kufika ka 10, miyendo yafooka ndipo ngozi ya kugwa ndi yaikulu. Akalephera ngakhale kamodzi popanda manja, palibe kanthu, ayambe ndi manja. Kuyesa komweku ndiye mankhwala ake. Kasanu m'mawa, kasanu madzulo, pokhala azitsika pang'onopang'ono osadziponya. Zikayamba kuphweka onjezerani, chifukwa minofu imakula ikamapatsidwa ntchito yoposa ya dzulo.

Kenako agwire zenera kapena tebulo lolimba. Anyanyamphire pa zala za kuphazi n'kutsika, ka 10. Atukule mwendo cham'mbali, uku ndi uku. Aimirire phazi lina kutsogolo kwa linzake, chidendene chikukhudza zala, awerenge mpaka 10. Akazolowera aime ndi mwendo umodzi. Poyamba agwire ndi manja awiri, kenako limodzi, kenako chala chimodzi. Kukhazikika poima kumaphunziridwa ngati kupalasa njinga, thupi liyenera kumagwedezeka pang'ono kuti liphunzire kudzigwira, koma wina akhale pafupi nthawi zonse. Katatu pa sabata, kuphatikiza kuyenda. Zambiri mwa izi zili m'ndondomeko ya Otago, imene inapangidwa ku yunivesite ya Otago ku New Zealand, ndipo atayiyesa pa okalamba kugwa kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kuyenda kokha n'kwabwino koma sikukwanira kulimbitsa ntchafu.

Za mkeka: kudzuka pansi ndi luso lofunika, asalitaye, chifukwa akadzagwa ali yekha lidzamupulumutsa. Agubuduke cham'mbali, agwade, akwawe mpaka pa mpando, aponde phazi limodzi, akankhe. Koma pakali pano malo ake okhala masana akhale mpando.

Gogo_NaJere
Ine ndimachita zonyanyamphirazo podikira madzi a tiyi kuti awire. Ndipo kwaya ya amayi musaipeputse. Timaima, timaponda uku ndi uku, timatembenuka, ola lathunthu. Mukamuuza gogo kuti chitani mafizo akana, ati ndine mwana ine? Koma muuzeni kuti anzanu akukufunsani kukwaya, muona atenga mpango.

Mmisiri_Kawale
Palibe wakamba za chimbudzi, pamene mayiwa anagwera panjira ya kuchimbudzi. Ine ndine kalipentala. Agogo anga ndinawakhomera bokosi lamatabwa lobowola pakati, lotalika ngati mpando, n'kuliika pa dzenje. M'mbali ndinazika mitengo iwiri yogwira. Kunjuta ndi miyendo yofooka pa simenti yonyowa n'koopsa, ndipo agogo ambiri amadzimana madzi akumwa poopa ulendo umenewu. Njira yake ndinathira miyala ing'onoing'ono ndi zidutswa za njerwa kuti matope asamakhalepo. Usiku ndowa yovundikira m'chipinda ndi tochi pamutu pa bedi. Ndipo mapatapata otha aja atayeni, muwagulire nsapato zogwira chidendene.

Bambo_a_Chikondi
Izi ndiye ndagwirizana nazo zonse. A Mmisiri, bokosilo kutalika kwake bwanji? Ndikufuna ndikawapangire apongozi anga. Pa zomuimika gogo ndi mwendo umodzi ndikadali ndi mantha, sindinama.

Mmisiri_Kawale
Yezani kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo lawo ataimirira, muonjezereko pang'ono. Likafupika avutika kudzuka.

NaPhiri_Area25
Abale, ndabweranso patatha masabata anayi. Ndinatenga tchuthi n'kupita ku Dedza. Ndinachita zimene ananena agogo NaJere, ndinawafunsa mayi chimene akuopa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, ndimaopa kuti mwandiyesa maliro ndili moyo. Tinalira tonse awiri.

Tsiku loyamba pampando anadzuka kawiri kokha, ndi manja. Dzulo mng'ono wanga wandiimbira kuti afika ka 6 popanda manja. Kuchipatala anawapeza ndi ng'ala m'diso lamanzere, atipatsa tsiku loti tibwerenso, ndipo piritsi lina la BP anawasinthira. Za alendronate anati ayambe aona zotsatira za magazi a impso. Tsache talimangirira ku nsungwi. Lamulungu lapitali anayenda wapansi mpaka kutchalitchi, anapuma kawiri panjira.

Achimwene anga aakulu sanagwirizane nazo mpaka pano, akuti mayi akadzagwa mlandu ndi wanga. Ndipo mayi ayamba kale kufunsa za mbewu, akuti mvula ikagwa akufuna akadzale okha. A Mafizo, pamenepa ndiwayankhe bwanji?

Mafizo_BT
Kuchoka pa 2 kufika pa 6 m'mwezi umodzi, mayi akulimbikira, muwauze kuti ndawayamikira. Musasiye, tikufuna 10. Kumunda apite, koma mizere apange ena. Iwo atenge ndodo yaitali yosongola, azibowola mapando ali chilili, mdzukulu aziponya mbewu pambuyo. Apite dzuwa litatuluka nthaka itayamba kuuma, osati m'mamawa poterera. Achimwene anuwo muwatenge tsiku lokachotsa ng'ala, akamve okha kwa adokotala.